Lipoti la kafukufuku wa gombe la Nyanja ya Chivero ndi funso la nsomba zochokera ku gombe la Mozambique

Omwe anapempha ntchitoyi

Lipotili likufotokoza ntchito yomwe ndinagwira ndi gulu la amayi a geni ya nsomba okhala ku Mufakose, Kuwadzana ndi Dzivarasekwa mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ambiri mwa iwo ndi ana ndi zidzukulu za anthu omwe anachoka ku Malawi, ku Tete ndi kummawa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo ngakhale pamsika amayankhula Chishona, misonkhano yawo amaichita m'Chichewa. Ntchito yanga ndi yofufuza za umoyo wa magombe, ndipo njira zambiri zomwe ndimagwiritsa ntchito zinakonzedwa ndi akatswiri oyeza magombe a nyanja yamchere.

Mu December 2024 bungwe loyang'anira mapaki ndi nyama zakuthengo la ZimParks linalengeza kuti zipembere zinayi, mbidzi zitatu, nyumbu zinayi ndi nkhwazi zinayi zafa zitamwa madzi kapena kudya nsomba za m'Nyanja ya Chivero, pamodzi ndi mbuzi ndi ng'ombe za m'mafamu oyandikana ndi nyanjayi. Nsomba zambiri zinapezeka zitayandama, ndipo usodzi unaletsedwa. Bungwelo linati chomwe chinapha nyamazo ndi tizamoyo totchedwa cyanobacteria, tomwe anthu amangotiona ngati ndere zobiriwira pamwamba pa madzi. Amayi a gululi, omwe ankaoda nsomba kwa asodzi a pa Chivero n'kumakazigulitsa zaziwisi kapena zowamba, anapezeka kuti alibe katundu.

Anabwera ndi mafunso atatu. Loyamba linali lakuti kodi kuwamba kapena kukazinga nsomba sikungaphe poizoniyo. Lachiwiri linakhudza madimba omwe ena mwa iwo amalima pafupi ndi madzi. Lachitatu, lomwe linatenga nthawi yambiri ndipo ndi lomwe linachititsa kuti afune munthu wodziwa za nyanja yamchere, linali lakuti ankaganiza zosonkha ndalama kuti azikaoda nsomba zouma ndi ma prawn (tizamoyo todyedwa ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu) ku Beira, mzinda wa pagombe la Mozambique, koma mayi wina wachikulire anawaletsa ponena kuti madzi a Chivero amatsikira komweko, choncho poizoni yemwe akumuthawa kuno akamupeza atawatsogolera.

Mbiri ya nyanjayi

Chivero si nyanja yachilengedwe. Ndi damu lomwe linatsirizidwa mu 1952 pamtsinje wa Manyame, kummwera chakumadzulo kwa Harare, ndipo kale linkatchedwa Lake McIlwaine. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 26, pamalo ozama kwambiri pamafika mamita pafupifupi 27, ndipo likadzaza limasunga madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 250 miliyoni. Mu 2013 nyanjayi pamodzi ndi Nyanja ya Manyame zinalembedwa pansi pa mgwirizano wa Ramsar ngati malo amadzi ofunika padziko lonse.

Vuto la Chivero linabadwira pomwe damulo linamangidwa. Mzinda wa Harare uli kumtunda kwa madzi omwe umamwa. Mtsinje wa Mukuvisi, womwe umayambira ku Cleveland Dam, umadutsa pakati pa mzinda ndi m'dera la mafakitale. Wa Marimba umatolera madzi a kumadzulo kwa mzinda. Wa Nyatsime umanyamula za ku Chitungwiza n'kukathira mu Manyame. Yonseyi imathera mu Chivero, ndipo kuchokera mmenemo madzi amapopedwa kupita kumalo oyeretsera madzi akumwa a Morton Jaffray kuti akayeretsedwe ndi kubwerera m'mipopi. Malo oyeretsera madzi a suweji a Firle anamangidwa kuti azilandira makyubiki mita 144,000 patsiku, ndipo a Crowborough 54,000, pomwe kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare. Mapaipi akaphulika kapena makina akaima, zonyansa za m'zimbudzi zimalowa m'mitsinje zisanayeretsedwe mokwanira, ndipo zimabweretsa phosphorus ndi nitrogen, zomwe ndi chakudya chomwecho chomwe chili mu feteleza.

Zizindikiro za matendawa si zatsopano. Mu 1966 dokotala wina dzina lake Zilberg anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti kutsekula m'mimba kwa ana mumzinda uno kunkachuluka panthawi yomwe ndere za m'nyanjayi zinkavunda. Namasupuni, chomera chomwe kwawo ndi ku South America, wakhala akuphimba mbali zina za nyanjayi mobwerezabwereza, ndipo analimbana naye ndi mankhwala opopera komanso tizilombo todya chomeracho tomwe tinabweretsedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1996 nsomba zochuluka zinafa chifukwa cha kuchepa kwa mpweya wa okosijeni ndi kuchuluka kwa ammonia, yemwe amachokera m'zonyansa zovunda. Koma pali mbali ina ya mbiriyi yomwe anthu ambiri aiwala, ndipo kwa ine ndiyo yofunika kuposa zonse. M'zaka za m'ma 1970 madzi otuluka m'malo oyeretsera suweji anapatutsidwa kuti azithirira msipu wa ng'ombe m'mafamu a khonsolo m'malo molowa mumtsinje, ndipo patangopita zaka zochepa phosphorus anatsika ndipo madzi anayamba kuyera. Nyanjayi inachirapo kale, ndipo chomwe chinaichiritsa sichinali kuletsa asodzi ayi, koma kuchepetsa zomwe zinkalowamo.

Momwe tinayendera gombe

Titalandira chilolezo kwa oyang'anira malowa, tinayamba kuyenda m'nyengo yamvula ya kumayambiriro kwa 2025 ndipo tinapitiriza mpaka kuzizira kutayamba. Tinasankha malo amitundu itatu: pomwe mitsinje imalowera m'nyanja, magombe amatanthwe omwe mphepo imawomba momasuka, ndi timakhwawa tobisika momwe madzi sayenda. Pamalo alionse tinkatambasula chingwe kuchokera pouma kukafika pomwe madzi afika m'mawondo, ndipo motsatira chingwecho tinkaika chimango cha mita imodzi mbali zonse n'kulemba zomwe zili mkati mwake: zomera, nkhono, tizilombo ta m'matope, zinyalala za pulasitiki ndi nsomba zakufa. Njira imeneyi ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito pamagombe a nyanja yamchere pakati pa mzere wa madzi odzaza ndi wa madzi ophwa. Pa Chivero madzi sakwera ndi kutsika tsiku lililonse monga kunyanja yamchere, koma amatsika m'chilimwe n'kukwera ndi mvula, ndipo kachigawo komwe kamamira ndi kuumanso n'komwe kamaonetsa msanga ngati nyanja ikudwala.

Tinalinso ndi mbale ya Secchi, yomwe ndi chimbale chopentedwa zoyera ndi zakuda chomwe chimamizidwa ndi chingwe mpaka chitasiya kuoneka. Tinalinso ndi makina a m'manja oyezera okosijeni, pH (muyeso wa asidi wa m'madzi, womwe umakwera asidi akachepa) ndi kutentha kwa madzi. Paipi yoonekera mkati yodulira matope. Ndi maikulosikopu yoonera madzi omwe tinkatunga m'mabotolo. Amayi ena a gululi ankabwera nafe mosinthana, ndipo amuna awo omwe ndi asodzi ndiwo anatisonyeza timakhwawa tomwe sitikanatipeza tokha.

Zomwe tinapeza

Pomwe mitsinje imalowera, matope anali akuda bii kuyambira pafupi ndi pamwamba penipeni, ndipo paipi ikazulidwa pankatuluka fungo la mazira oola. Fungo limeneli ndi la mpweya wa hydrogen sulphide, womwe umapangika pomwe tizamoyo ta m'matope tamaliza okosijeni yense. M'matopemo munali timphutsi tofiira ndi tinyongolotsi topyapyala tochuluka, koma mitundu ina ya tizilombo yomwe imafuna madzi oyera sinkapezeka. Ena angaone kuchuluka kwa timphutsi tofiirato ngati chizindikiro cha moyo, pomwe kwenikweni ndi umboni wakuti ena onse anafa kapena anathawa, n'kutsala okhawo omwe magazi awo amatha kugwira okosijeni wochepa kwambiri. Pamagombe amatanthwe zinthu zinali bwinoko: matope anali ofiirira pamwamba, ndipo nkhono ndi ana a tombolombo zinkapezeka.

Ndere sizinkakhala malo amodzi. Gombe lomwe mmawa linkaoneka loyera linkatha kukhala litakutidwa ndi phala lobiriwira pofika masana, kutengera komwe mphepo yalowera. Pa maikulosikopu tinkaona timagulu ta Microcystis, mtundu wa cyanobacteria womwe wakhala ukulembedwa pa Chivero kwa zaka zambiri. Kamoyo kameneka kali ndi timatumba ta mpweya tomwe timakayandamitsa, choncho kukakhala bata kamakwera pamwamba, ndipo kamphepo kochepa kamakakankhira kugombe komwe kamaunjikana mochindikala. Apa ndi pomwe pagona ngozi ya ziweto ndi nyama zakuthengo. Chipembere kapena ng'ombe simwa madzi a pakati pa nyanja. Imamwa a m'mphepete penipeni, pomwe ndere za dera lalikulu zasonkhanitsidwa ndi mphepo. Munthu wotunga madzi pakati pa nyanja ali pa bwato angathe kunena moona kuti poizoni ndi wochepa, tsiku lomwelo ng'ombe n'kufa pagombe. Ichi n'chifukwa chake ndimakayikira kuyeza kulikonse komwe sikunena kuti botolo linatungidwa pati, nthawi yanji, ndiponso mphepo inkawomba kulowera kuti. M'malo momwe ndere zinaunjikana, mbale ya Secchi inkasowa mkono usanamire wonse.

Za okosijeni ndi zomwe zinadabwitsa amayi kwambiri. Masana dzuwa likuswa mtengo makina ankaonetsa okosijeni wochuluka zedi pamwamba pa madzi, chifukwa ndere zimatulutsa mpweyawu zikalandira kuwala. Mbandakucha, pamalo omwewo, ankakhala atatsika kwambiri, makamaka m'timakhwawa. Usiku ndere zija, pamodzi ndi mabakiteriya omwe akudya ndere zakufa, zimapuma mpweya womwewo womwe nsomba zikufuna, monga momwe zimakhalira m'nyumba yotseka mazenera momwe mwagona anthu ambiri mbaula ikuyaka. Asodzi anatsimikiza kuti nthawi yomwe amaona nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi ndi kusanache. Masana kumabwera vuto lina: ndere zikamagwira ntchito mwamphamvu pH amakwera, ndipo pH ndi kutentha zikakwera, gawo lalikulu la ammonia wa m'madzi limasanduka mtundu womwe umapha nsomba. Komanso m'nyengo yotentha madzi a Chivero amagawanika, ofunda pamwamba ndi ozizira opanda okosijeni pansi, ndipo kukazizira mwadzidzidzi kapena kukawomba mphepo yamphamvu, apansi aja amakwera ndi kusakanikirana ndi apamwamba. Nsomba yakufa pa Chivero ingathe kuphedwa ndi chimodzi mwa zitatuzi, kubanika, ammonia kapena poizoni wa ndere, ndipo poiyang'ana ndi maso palibe angadziwe kuti chaipha n'chiti.

Funso la utsi ndi moto, ndi la madimba

Mayi wotsogolera gululi anandifunsa mosapita m'mbali kuti, "Bambo, ife takhala tikuwamba nsomba chibadwire, kodi utsi sungathane nazo zimenezi?" Yankho ndi lakuti ayi. Poizoni wa Microcystis, wotchedwa microcystin, saonongeka ndi kutentha kwa pamoto wophikira. Kuwiritsa, kukazinga, kuwamba ndi kuyanika kumapha majeremusi koma poizoniyu amatsala, ndipo kuwiritsa madzi a ndere kungathe kuipitsa zinthu chifukwa kumaswa tizamoyoto n'kutulutsa poizoni yemwe anali mkati mwawo. Poizoniyu amaononga chiwindi, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a 1 microgram pa lita imodzi ya madzi akumwa omwe munthu amamwa moyo wake wonse. Mu nsomba amaunjikana kwambiri m'chiwindi ndi m'matumbo, ndipo mumnofu amakhala wochepa. Nsomba yomwe imagwidwa kwambiri pa Chivero masiku ano ndi Nile tilapia, yomwe pamsika amangoti bream, ndipo imeneyi imadya ndere zenizenizo.

Malangizo anga anali akuti chiletso cha usodzi chilemekezedwe, ndipo nsomba yotoledwa itafa kale isagulidwe ngakhale mtengo wake utatsika bwanji. Ndinaonjezera kuti tsiku lililonse lomwe adzagule nsomba za m'madamu momwe muli ndere, azizitumbula zikadali zaziwisi, kuchotsa matumbo, chiwindi ndi makha, kutsuka ndi madzi oyera, ndi kukwirira zamkatizo osati kupatsa agalu kapena nkhuku. Tinsomba ting'onoting'ono tomwe timadyedwa tathunthu ndi matumbo omwe ndi tomwe tili ndi chiopsezo chachikulu.

Za madimba sizinafune nthawi yaitali. Lamulo la dziko lino limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndipo pomwe mabango anadulidwa kuti papezeke munda tinaona gombe likugumuka ndi dothi likulowa m'madzi. Mabango amagwira dothi ndi kuyamwa gawo la zomwe zikanadyetsa ndere. Kuthirira rape kapena mpiru ndi madzi obiriwirawo kumasiya poizoni ndi majeremusi pamasamba, ndipo mzinda womwe unakumana ndi kolera wa 2008 mpaka 2009, yemwe anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, sukusowa kukumbutsidwa za majeremusi a m'madzi a suweji.

Kodi madzi a Chivero amafika kunyanja yamchere?

Mayi wachikulire uja sanalakwitse pa mfundo yaikulu. Madzi osefukira pa Chivero amalowa mu Nyanja ya Manyame ku Darwendale, n'kutsika ndi mtsinje wa Manyame kudutsa Biri Dam ndi Chinhoyi, kutsetserekera m'chigwa cha Zambezi, kuoloka malire a Mozambique ndi kulowa m'damu la Cahora Bassa. Kuchokera pamenepo amadutsa Tete, kulandira mtsinje wa Shire wochokera ku Nyanja ya Malawi, mpaka kukathira mu Indian Ocean pamathiriro a Zambezi cha ku Chinde. Choncho n'zoona kuti chimbudzi cha ku Harare chili pamzere umodzi ndi gombe la Mozambique.

Koma kutalika kwa ulendowo ndi kuchuluka kwa madzi zimasintha nkhani. Ngati titaphatikiza zomwe Firle ndi Crowborough anamangidwira, timapeza makyubiki mita 198,000 patsiku, zomwe ndi makyubiki mita 2.3 pa sekondi imodzi, pomwe Zambezi amathira m'nyanja makyubiki mita oposa 3,000 pa sekondi tikatenga chaka chonse. Kuonjezera apo, damu lililonse panjirapo limaimitsa madzi, ndipo phosphorus wambiri amamira ndi matope n'kutsala pansi. Microcystin naye amadyedwa ndi mabakiteriya ndi kuonongeka ndi dzuwa pakapita masiku kapena milungu, pomwe madzi amakhala miyezi yambiri mu Cahora Bassa, ndipo Microcystis sakula m'madzi amchere wa nyanja. Sindikunena kuti poizoni wa m'madzi opanda mchere sangafike pagombe. Ku California, kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 anaonetsa kuti akatumbu a m'nyanja 21, ambiri mwa iwo a ku Monterey Bay, anafa ndi microcystin wochokera m'mitsinje ndi m'tinyanja ta kumtunda, atadya nkhono zomwe zinasunga poizoniyo. Koma kumeneko kanyanja ka Pinto, kamodzi mwa tinyanja tomwe munkachokera poizoniyo, kali pamtunda wa makilomita ochepa chabe kuchokera kugombe, ndipo palibe damu lalikulu pakati.

Palinso mfundo ya mapu yomwe inathetsa mkangano mwachangu. Mzinda wa Beira suli pa Zambezi. Uli pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, womwe umayambira kumapiri a Nyanga, ndipo pafupi pake pamathiranso mtsinje wa Buzi. Palibe dontho la Chivero lomwe limalowa m'mitsinje iwiriyi. Zonyansa za Harare zimatsala pafupi ndi eni ake, mu Chivero ndi mu Manyame momwe mzindawu umatungamo madzi akumwa, ndipo mtengo wake umaoneka pa kuchuluka kwa mankhwala omwe Morton Jaffray amafuna, malo omwe mu September 2019 anatsekedwa kwa kanthawi chifukwa chosowa mankhwalawo.

Chomwe chikudwalitsa gombe la Sofala

Kunena kuti poizoni wa Chivero safika ku Beira si kunena kuti gombe la kumeneko lili bwino, ndipo gulu lomwe likufuna kuikako ndalama zake liyenera kudziwa chomwe likudalira. Ma prawn ambiri a ku Mozambique, omwe kumeneko amawatcha camarão, amagwidwa pa Sofala Bank, dera lalikulu la nyanja yosazama lomwe latambalala kuchokera kummwera kwa Beira kukafika cha ku Angoche. Akuluakulu amaswera kunyanja, koma ana awo amakulira m'matope a m'nkhalango za mangrove, mitengo yomwe imamera pomwe madzi a mtsinje amakumana ndi amchere. Mozambique ili ndi mahekitala pafupifupi 300,000 a nkhalango zimenezi, ndipo zina mwa zazikulu kwambiri zili pamathiriro a Zambezi, dera lomwe linalembedwa pansi pa Ramsar mu 2004.

Chomwe anthu a kumtunda tachita ku gombeli si kulithira poizoni kwenikweni, koma kulimana madzi osefukira ndi matope. Damu la Kariba linatsirizidwa mu 1959 ndipo la Cahora Bassa mu 1974, onse omangidwira magetsi. Kale Zambezi ankasefukira kwambiri chakumapeto kwa dzinja n'kuphwa m'chilimwe; tsopano madzi amatulutsidwa molingana ndi kufunika kwa magetsi, choncho kusefukira kwa dzinja kunachepa ndipo madzi a m'chilimwe anachuluka kuposa kale. Katswiri wa ku Norway Tor Gammelsrød anaonetsa mu 1992 kuti kuchuluka kwa ma prawn ogwidwa pa Sofala Bank kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwa madzi omwe Zambezi watulutsa m'nyengo yamvula. Madzi osefukira ndiwo amakankhira ana a prawn kunyanja panthawi yake ndi kubweretsa chakudya, ndipo matope ndiwo amamanga nthaka yomwe mangrove amaimapo. Matope omwewo omwe amatsala m'madamu n'kuteteza gombe ku zonyansa za Harare ndi omwe gombelo likusowa kuti lisakokoloke.

Kugombe komweko kuli zovuta zake. Mitengo ya mangrove imadulidwa kuti ikhale milimo, nkhuni ndi makala. Pali maukonde a maso ang'onoang'ono otchedwa chicocota, omwe nthawi zambiri amasokedwa ndi maneti a udzudzu, oletsedwa ndi lamulo chifukwa amakokolola ndi ana omwe. Boma la Mozambique limatseka usodzi wa ma prawn kwa miyezi ingapo chaka chilichonse, nthawi yomwe amaitcha veda. Namondwe wa Idai, yemwe anatera pafupi ndi Beira usiku wa pa 14 March 2019 asanakafike ku Chimanimani kummawa kwa Zimbabwe, anaonetsa kufooka kwa mzinda womwe mbali zake zambiri zili pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja. Ndipo kumtunda kwa Pungwe ndi Buzi kuli okumba golide m'mitsinje omwe amadetsa madzi ndi matope ndiponso amagwiritsa ntchito mercury, mankhwala apoizoni ogwirira golide, yemwe mosiyana ndi microcystin saola, koma amaunjikana mu nsomba zikuluzikulu zodya zinzake. Ngati pali poizoni wochokera kumtunda yemwe wogula nsomba ku Beira ayenera kumuganizira, ndi ameneyu, osati wa pa Chivero.

Kwa wogula nsomba zouma, ngozi yapafupi ili pakasamalidwe. Nsomba yoyanikidwa pamchenga imatenga mchenga ndi majeremusi, pomwe yoyanikidwa pathandala imakhala yoyera ndipo imasungika. Ena amathira nsomba zouma mankhwala ophera tizilombo kuti zisafumbwe, ndipo chizindikiro chake ndi mulu wa nsomba womwe ntchentche sizikuterapo pomwe milu yoyandikana nayo yadzaza ntchentche. Nsomba za mtundu wa mackerel ndi tuna zikachedwa kuziziritsidwa zimapanga poizoni wotchedwa histamine, yemwe nayenso sachoka ndi kuphika.

Zomwe gulu linagwirizana

Pamsonkhano wotsiriza ndinanena maganizo anga poyera, kuti kuletsa usodzi kunali koyenera poteteza odya nsomba, koma sikuchotsa ngakhale kilogalamu imodzi ya phosphorus m'nyanja, ndipo omwe akulipira mtengo wa chiletsocho ndi anthu omwe sanadetse madziwo. Ndinawachenjezanso kuti ngakhale suweji yense atakonzedwa mawa, matope akuda omwe tinawaona apitiriza kutulutsa phosphorus nthawi iliyonse pansi pakasowa okosijeni, choncho asakonze geni yawo poyembekeza kuti Chivero ayera m'nyengo imodzi.

Gululi linasankha kusaika ndalama zonse pa ulendo wa ku Beira. Linagwirizana kutuma amayi awiri kudzera ku Mutare ndi chipata cha m'malire cha Forbes ndi ndalama zochepa, atayamba afunsa ku maofesi a boma za zilolezo zolowetsera nsomba m'dziko, ndipo akafika akagule nsomba zouma zamchere zoyanikidwa pathandala, asagule ma prawn m'nthawi ya veda, ndipo akane tinsomba tosakhwima ta chicocota ngakhale tili totchipa. Mayi wachikulire uja anavomera za mapu, koma anapempha kuti zolembedwa za gulu zisunge mfundo yake yakuti madzi a Harare amafikadi kunyanja kudzera mu Zambezi, ndipo zinalembedwa motero.

Omwe ali ndi madimba pafupi ndi madzi anavomera kubweza mizere yawo kumtunda ndi kusiya mabango kuti aphukenso. Asodzi awiri omwe anaphunzira kugwiritsa ntchito mbale ya Secchi anatsala nayo pamodzi ndi kope lolembamo tsiku, nthawi, komwe mphepo ikuchokera, mtundu wa madzi ndi kuzama komwe mbaleyo yasowera, pamalo omwe amaloledwa kufika. Kuyeza kwa okosijeni wa mbandakucha ndi kudula matope kudzabwerezedwa pamalo omwewo mu October ndi November, kutentha kukafika pachimake mvula yoyamba isanakokolole zonyansa za m'ngalande za mzinda.